Wailesi ya Agogo ndi Jezi Yofiira

Fungo limene limandibweretsera agogo si la utsi wa nkhuni, chifukwa ku Govan, dera lathu la mu mzinda wa Glasgow, kunalibe nkhuni. Ndi fungo la jekete lawo laubweya likuuma pa hita ya m'khitchini, losakanikirana ndi la fodya wawo wofwenkha ndi la tiyi amene ankamuiwala pa chitofu mpaka kuda ngati oyilo wa galimoto. Ndikalimva fungo lotero m'basi, kwa nkhalamba ina yonyowa ndi mvula, nthawi yomweyo ndimawaona ataima pawindo la fulati yathu ya pamwamba penipeni, dzanja limodzi kumbuyo, lina litagwira kawailesi kakuda pafupi ndi khutu, kakungolira kuti shii, popanda nyimbo, popanda munthu wolankhula, iwo maso ali pa mitambo ya cha kumtsinje kumene amakhoma sitima zapamadzi.

Agogowo anali bambo a amayi anga, a ku Phalombe. Amayi ndi namwino, ndipo anandibweretsa ku Glasgow ndili kamwana ka sitandade thu. Za bambo anga tisiye, nkhani yake ndi yaifupi ndipo imandikwiyitsa. Amayi ankagwira mashifiti aatali pa chipatala chachikulu cha mu mzindawu, kubwera kunyumba miyendo itatupa, pakamwa patauma, ndiye chaka ndi chaka kuno kukayamba kufunda ankaitanitsa agogo kuti adzakhale nafe miyezi ingapo pa chitupa cha mlendo. Miyezi imeneyo ndiyo inali moyo wanga. Ndikaweruka kusukulu ndinkapeza munthu m'nyumba, nsapato zake zili pakhomo, chifuwa chake chikumveka kuyambira pa masitepe. Akabwerera kumudzi ndinkatsala ndi kiyi pakhosi, nyumba yozizira, ndi chakudya cha m'fuliji choti nditenthetse ndekha.

Amayi ankawachenjeza tsiku lomwelo lofika, sutikesi isanatsegulidwe n'komwe.

"Ababa, kuno si kwathu. Mwana sagwidwa mwamphamvu pagulu, ngakhale akhale wanu. Mukapalamula kamodzi kokha, chitupa chija sadzakupatsaninso."

"Ndamva, amake Dalitso," ankayankha choncho, kenaka n'kunditsinzinira diso. "Achimwene, mwamva? Mukalakwa ndizikakumenyerani ku bafa, chitseko chotseka."

Sanandimenyepo. Ankanditchula kuti achimwene ngati ndine mnzawo wa msinkhu umodzi, ndipo ndikawayankha m'Chingerezi changa cha ku Govan ankagwira khutu n'kunena kuti wailesi yasokonekera, ndibwereze. Chichewa chimene ndikulembachi ndi chawo. Sukulu ndinaisiyira panjira, zambiri za kumeneko zinauluka, koma ichi chokha chinakanirira.

Ntchito yawo yeniyeni inali kuyang'ana kumwamba. Ankachapa, ankasesa masitepe a nyumba yonse ngakhale sabata isali yathu, ankasita yunifomu ya amayi, koma zonsezo ankachita khosi likutembenukira kuwindo. Mvula ya kuno ankainyoza. Ankati ndi chiperoni chopanda mwini, mvula yaulesi yongonyowetsa mapewa, yosadziwa kuyamba kapena kuleka. Imene ankaidikira inali ina, ndipo anandiphunzitsa zizindikiro zake ngati mmene anthu ena amaphunzitsira ana katekisimu. Kukacha kotentha monata, malaya n'kumamatirira kumsana m'mawa momwe. Mphepo ikafa, masamba a mitengo n'kungoti zii. Mtambo ukayamba kukwera ngati phiri, woyera pamwamba, wakuda kumimba, kenaka mutu wake n'kuphwatalala ngati munthu wausenzetsa thabwa, pamenepo ankati kumwamba kwatenga pakati. Ndiye ankatulutsa kawailesi kaja n'kukapotokola mpaka pakati pa masiteshoni, pamene palibe wolankhula. Mphenzi ikang'anima kutali, kumene maso sangafike, kawailesiko kankathetheka ngati mchere wogwera pamoto.

"Mwamva, achimwene? Ili m'njira. Sinafike, koma yanyamuka kale kwawo."

Za nyengo za pa TV sankaziphonya. Ankakhala kutsogolo kwenikweni, mawondo atagunda tebulo, n'kumakangana ndi mayi wolosera nyengo ngati akuwamva. Koma ankamulemekeza. Ankati ameneyu ali ndi maso kumwamba kwa mitambo, ife tili ndi maso kunsi kwake, tikaphatikiza ndiye munthu wathunthu. Tsiku lina pa TV anaonetsa kamvuluvulu wa ku America, chimtambo chakuda chotsika ngati chitamba cha njovu chikumwaza nyumba ngati makoko a chimanga. Agogo anaimirira n'kundigwira dzanja kutsika nane masitepe onse mpaka pansi, pakona ya mdima pamene anthu ankasiya njinga ndi ngolo za ana.

"Zikadzachitika kuno, malo ako ndi ano. Pansi, pakati pa makoma, kutali ndi magalasi. Ugwade, ufunde mutu. Usadzakwere kukatenga kanthu."

Ndinaseka, ndinati zimenezo ndi za ku America. Anati denga la tchalitchi cha kwawo nalonso linkaganiza choncho, linakapezeka m'munda wa nandolo.

Bingu kuno ndi losowa, mwina kangapo pachaka, koma likangomveka nyumba yathu inkasanduka ina. Galasi la m'bafa ankalifunditsa thaulo, masupuni ndi mipeni ankaziponya m'dirowa, TV ankaizula pakhoma, mpopi osaukhudza, pawindo osayandikira. Tinkakhala pansi m'kakhonde ka pakati pa zipinda, misana kukhoma, mawondo m'mwamba. Ndipo chilichonse chofiira chinkabisidwa. Kwathu anthu ambiri amakhulupirira kuti mphenzi imatsata chofiira, koma agogo sankangokhulupirira, ankanjenjemera nazo. Ketulo yathu yofiira ankailowetsa mu uvuni.

Tsono tamverani tsoka lake. Mu mzinda uno mitundu ya zovala ndi nkhani ya magazi. Zagirini ndi za ochemerera timu ina ya mpira, zabuluu ndi za adani awo, ndipo ukavala molakwika mu msewu wolakwika umabwera kunyumba mlomo utatupa. Timu ya anyamata ya m'dera lathu inasankha zofiira kuti pasapezeke kholo lodandaula. Amayi anakondwa, anati bola pamenepo mwana wanga sadzamenyedwa. Agogo ataiona jeziyo anaigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Mitundu yonse ili padziko, asankha magazi?"

Tinapangana kuti kukakhala chiperoni ndizivala, kukakhala kwina ayi. Poti kuno ndi chiperoni pafupifupi masiku onse, panganolo silinkandivuta. Ankabwera kudzaonerera, ataima kumapeto kwa bwalo ndi ambulera yawo, kawailesi m'thumba la jekete, ndipo ndikagoletsa ankakweza ambulerayo m'mwamba ngati mkondo.

Chaka chimene ndinali pafupi kulowa sekondale, kunabwera Loweruka lina lotentha moipa. Madzulo a dzulo lake mayi wa pa TV uja anali atajambula chikasu pamwamba pa dera lathu lonse: chenjezo la mabingu, matalala ndi mvula yamphamvu kuyambira masana. Koma linali tsiku la mpira womaliza wa chikho, ndipo kochi anali atatinong'oneza kuti kubwera munthu wa ku timu ina yaikulu kudzasankha anyamata. Ine ndinkasewera kutsogolo, ndinali ndi liwiro, ndipo ndinkadziwa kuti maso a munthuyo akhala pa ine. Amayi anali ku shifiti. Nditadzuka ndinapeza jezi palibe pa mpando.

"Agogo, jezi yanga ili kuti?"

"Yapita kukapuma."

"Lero ndi fainolo!"

"Lero kumwamba kwatenga pakati, achimwene. Tamverani." Anandiika kawailesi kukhutu. Kankathetheka patalipatali, pang'onopang'ono, ngati munthu akuthyola tinkhuni m'chipinda china.

Mtima wanga unali waufupi kale nthawi imeneyo. Ndinagubuduza nyumba yonse, ndinamenya chitseko cha wadiropu mpaka chinatsala chikulendewera, jezi osaipeza. Kenaka ndinangotenga nsapato za mpira n'kutsika masitepe mothamanga. Ndinkadziwa kuti kochi amayenda ndi majezi apadera m'galimoto, ndipo ndinkadziwanso kuti mawondo a agogo sangandipeze.

Bwalolo linali poyera penipeni, udzu wokhawokha wopanda mthunzi, zigoli zachitsulo, ndi mitengo ikuluikulu mbali imodzi. Mpweya unali wolemera ngati bulangeti lonyowa. Makolo anavula malaya, azimayi ankadzikupiza ndi mapepala, ena ankati bwenzi chilimwe chonse chikanakhala chotere. Chakumwera mtambo unali utakwera kale, mutu wake utaphwatalala monga agogo ankanenera, ndipo ndinauona. Ndinauona bwinobwino, n'kutembenuzira maso pa mpira. Chigawo choyamba ndinagoletsa chimodzi. Munthu wa ku timu yaikulu uja, wa kapu yoyera, anafunsa kochi dzina langa, ndinaona akundiloza.

Titangoyamba chigawo chachiwiri mphepo inafa. Ndinali ndi mpira kuphazi, ndikuthamangira kugolo, pamene ndinamva mawu amene sindinawamvepo chiyambire, mawu ong'ambika ngati a mbuzi yogwidwa ndi fisi.

"Yamikani! Yamikani, vula! Vula msanga!"

Ine dzina langa ndi Dalitso. Yamikani sindinkamudziwa. Koma mawuwo anali a agogo, ndipo ankabwera pakati pa bwalo, akutsimphina, chipewa chitagwa, jekete laubweya lili pathupi kutentha konseko. Woyimbira mpira analiza wezulo, anyamata anaima. Agogo anafika n'kundigwira pamkono ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti ali nayo, zala zawo zinalowa mpaka pafupa, ndipo dzanja linalo linakoka jezi kuyambira kukhosi mpaka inang'ambika. Anaiponya kutali ngati ikuyaka. Ndinatsala chifuwa pamtunda pamaso pa anthu onse, anyamata a timu inayo akuseka, ine ndikukuwa m'Chingerezi kuti andisiye, andisiye.

Kochi anathamanga n'kuwagwira paphewa. Sanali munthu woipa, anaona nkhalamba ikuguza mwana, anachita zimene aliyense akanachita. Agogo sanayang'ane n'komwe kuti ndi ndani. Anangotembenuka ndi ambulera, ndipo chogwirira chake chinamupeza kochi pamwamba pa diso. Magazi anatsika mpaka pa kolala. Mayi wina anali kale pa foni.

Apolisi anafika mwamsanga, awiri, mwamuna ndi mkazi. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti anali aulemu. Akanakhala ankhanza bwenzi ndili ndi munthu womuda. Anawalankhula agogo pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wodwala mutu, anawalanda ambulera, anawatulutsa kawailesi m'thumba n'kukayang'ana modabwa kakulira shii. Agogo Chingerezi ankachidziwa, cha ku mishoni, chowongoka, koma tsiku limenelo chinawathawa. Ankangoloza kumwamba n'kumati, "Anawa achoke. Chonde anawa achoke."

Wapolisi wamkazi uja anagwada n'kuyang'ana mkono wanga, pamene zala zinasiya mizere, n'kundifunsa ngati nkhalambayi imandipweteka kunyumba. Mkwiyo wonse umene ndinali nawo pa agogo unatembenuka nthawi yomweyo. Ndinamutukwana mayiyo mawu onse a mu msewu wa Govan amene ndinkawadziwa. Ndinati awa ndi agogo anga, amandiphikira, amandichapira, inu munali kuti? Ndinamenya chitseko cha galimoto yawo ndi nsapato ya mpira. Sizinathandize kanthu. Zinangooneka ngati banja lonse ndi lamisala.

Pamenepo bingu loyamba linagunda, lakuya, lomveka m'mimba. Woyimbira mpira anathetsa masewero n'kutiuza tonse kuti tithamangire m'chipinda chosinthira zovala, ndipo kochi, nsalu ili pachipumi, anakabweza ana amene ankathawira pansi pa mitengo. Kumwamba kunada ngati madzulo. Kunagwa matalala, kenaka chimvula chimene sindinachionepo kuno, ziphaliwali zikung'anima motsatizana mpaka mawindo a chipindacho ankanjenjemera. Ine ndinaima pakhomo, wina atandifunditsa thaulo, ndikuyang'ana galimoto ya apolisi. Agogo anali kumpando wakumbuyo, mutu uli pakati pa mawondo, manja atafunda khosi.

Ndikanakonda kukuuzani kuti mphenzi inagwa pabwalopo, inang'amba mtengo kapena kusungunula chigoli, anthu n'kubwera kudzawagwira agogo dzanja. Sizinatero. Inagwa kwina. Mvula itatha jezi yong'ambika ija inali pomwepo pa udzu, yonyowa, yosapsa ngakhale ulusi umodzi, ndipo bambo wina anaitola n'kundipatsa akupukusa mutu.

Kochi anakana kuti nkhaniyo ipite patali, koma inali italembedwa kale. Amayi anakawatenga agogo ku polisi madzulo amenewo n'kubwera nawo kunyumba, akadali mu yunifomu ya ku chipatala. Patapita masiku kunabwera mayi wa zosamalira ana, anakhala pa sofa yathu n'kufunsa mafunso ake, agogo atakhala pa mpando wa m'khitchini manja pa mawondo ngati mwana wa sukulu. Munthu wa kapu yoyera uja sindinamuonenso. Ku timu ndinapitako kangapo, koma mnyamata wina anayerekeza kutsimphina kwa agogo akukuwa kuti vula, vula, ndipo ndinamuthyola dzino. Mpira wanga unathera pamenepo.

Za Yamikani ndinafunsa amayi tsiku lina akupinda zovala. Anasalaza malaya amodzi omwewo mobwerezabwereza.

"Anali mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga. Anali msinkhu wakowu. Ankasewera mpira wachikulunga ku dambo ndi anzake, mvula ikubwera. Ababa anali atamugulira malaya ku Limbe, ofiira, ankawakonda moti ankagona nawo. Mphenzi inagwa pakati pawo. Anzake onse anadzuka. Iye yekha sanadzuke."

"Ndiye chinali chifukwa cha malayawo?"

"Iwe, ine ndine namwino. Mphenzi siona mtundu. Anali pa dambo, poyera, basi. Koma ukawauze ababa zimenezo. Anamunyamula okha kuchokera ku dambo mpaka kunyumba."

Miyezi ya agogo inali isanathe, koma anapempha kuti tikiti isinthidwe. Amayi anawachonderera kuti adikire, anati mwina chaka chamawa chitupa chidzatulukabe, tidzayesa. Agogo anati asavutike.

"Ndakwera galimoto ya apolisi ndili ndi imvi, mdzukulu wanga akuona. Dziko limene munthu sungachotse mwana wako pamoto ndi dzanja lako, ine sindingalithe."

Pa bwalo la ndege kunali chiperoni. Ndinali nditakonza mawu ambiri koma agogo ndiwo anayamba. Anandigwira mkono womwe uja, mofatsa tsopano, n'kuyang'ana pamene panali mizere.

"Papola, achimwene?"

"Papola, agogo."

"Chigoli chija ndinachimva ndili kumsewu. Anthu anakuwa kwambiri." Anapisa m'thumba la jekete n'kundipatsa kawailesi. "Kwathu sindikafuna, kumeneko ndimaona ndi maso. Mabatire muzichotsa mukamasunga, amawola."

Sanabwerenso. Ndinabwerera ku kiyi wa pakhosi ndi nyumba yozizira, ndipo nyumba yozizira imalera mwana woipa mtima. Sekondale ndinaiyamba ndi ndewu n'kuimaliza ndi ndewu, isanathe. Tinkalankhulana pa foni Lamlungu, ndipo moni wawo sunali wa anthu onse. Sankafunsa kuti muli bwanji. Ankati, "Kumwamba kuli bwanji uko?" Ine ndinkati chiperoni, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola. Anamwalira nyengo ya dzinja, mvula ili pakati. Amayi anapita kukaika maliro, ine ndinatsala. Akuti manda anadzaza madzi, anachita kukapa ndi ndowa.

Lero ndimagwira ntchito yomanga masikafodi, zitsulo zija timazimanga kuzungulira nyumba kuti okonza madenga ndi makoma akwerepo. Tsiku lonse ndimakhala pamwamba pa nyumba zamiyala za ku Shawlands ndi Pollokshields, chitsulo chachitali chili paphewa, palibe china chonditalikira koma machumuni. Ngati pali munthu amene mphenzi ingamupeze mosavuta mu mzinda uno, ndi ine. M'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi ndimaona za nyengo pa foni, ndimaona mapu aja osonyeza kumene mvula ili ndi kumene ikulowera. Ndikudziwa tsopano zimene zinali zoona ndi zimene zinali mantha. Galasi ndi masupuni zilibe mlandu, chofiira chilibe mlandu. Koma poyera, pansi pa mtengo, pamwamba pa chitsulo, pamenepo nkhalamba ija sinkanama. Ukamva bingu ndiye kuti ili pafupi mokwanira kukupeza, ulowe m'nyumba kapena m'galimoto, ndipo usatuluke msanga chifukwa choti kwawala.

Chilimwe chathachi kunabweranso tsiku lonata lija, chikasu pa mapu, mphepo itafa. Kapitawo wathu ankafuna timalize mbali ya kumsewu tisanaweruke. Nthawi ya nkhomaliro ndinalowa m'vani n'kuika mabatire m'kawailesi kaja, tepi yakuda itakulunga kumsana kwake, n'kupotokola mpaka pakati pa masiteshoni. Kankathetheka ngati mchere pamoto. Titakweranso, bingu linamveka chapatali, ndipo ndinauza anzanga kuti titsike. Onse anatsika kupatula mdala wina wa ku Govan komweko, wouma mutu, amene anati watha zaka zambiri pa zitsulo ndipo kamvula sikanamuphepo. Dzanja langa linanyamuka lokha kupita pa mkono wake. Ndinaliona likupita, zala zitatambasuka, ndipo ndinalibweza n'kuliika m'thumba. Ndinangoima pa makwerero n'kumuuza kuti sinditsika mpaka atsike, ndipo mphenzi ikatipeza adzakafotokoze yekha kwa amayi anga. Ananditukwana, n'kutsika.

Kapitawo anakalipa, ine ndinakalipa kuposa iye, ndipo Lolemba lake anandiuza kuti ndisabwerenso. Tsiku limenelonso mphenzi inagwa kwina. Ndinapeza ntchito pa kampani ina. Kumeneko pogawa majekete a mvula panali abuluu ndi ofiira, ndipo wogawayo, poona kuti ndikuchedwa kusankha, anaseka n'kunena kuti ngati sindikufuna mavuto a mpira nditenge lofiira.

Ndinatenga labuluu. Mlomo wotupa umapola.